Dontho Limodzi, Kanayi Patsiku

Lolemba, 3 Juni

Bambo aswanso galasi la m'mbali la galimoto ya kubekale. La kumanzere, ngati lija la sabata yatha. Akuti chipata chachepa. Chipata chomwe akhala akutulukirapo ndi buledi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chachepa lero? Ndawafunsa ngati chipatacho chikudwala kuti chizionda chonchi. Sanaseke.

Dzulo anagwetsa kapu ya tiyi yomwe inali pafupi ndi chigongono chawo. Akuti ndinaibisa dala.

Chomwe sindikumvetsa n'chakuti diso lomwelo, lamanzere, ndi lomwe anachotsa ng'ala mu Febuluwale. Loyera mbee. Lokongola kuposa anga. Nyuzipepala amawerenga mpaka timawu ta m'munsi. Mankhwala sadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Dontho limodzi, kanayi patsiku, monga zilili papepala la kuchipatala. Pepalalo ndinalipanga fotokope kuntchito, n'kulilamineta, n'kulimata pachitseko cha kabati, chifukwa lenilenilo analitayira tiyi tsiku lomwe anatuluka. Ndiye vuto lili pati? Ukalamba?

Kushopu ya fotokope komwe ndimagwira ntchito, makina akudya mapepala. Zala zakuda bii ndi tona, inki ya makinawo. Nsapato yakumanja yayamba kuyasamula.

Lachitatu, 5 Juni

Achemwali abwera ndi kabotolo kena ka mankhwala aja. Kachisanu, kaya kachisanu ndi chimodzi. Amagula pafamase ya kufupi ndi kwawo, kwa mkulu uja ndimamutcha Jekete Loyera. Amangomuonetsa kabokosi kakale, iye n'kutsitsa katsopano pashelefu. Osafunsa ngakhale dzina la wodwala.

Akhala mphindi makumi awiri, apeza fumbi pawindo, apita. Ine ndimachapa, ndimaphika, ndimasita mayunifomu. Iwo kabotolo kamodzi m'chikwama, basi mwana wabwino. Bambo: “Mkulu wakoyu amandikumbukira.” Ine ndiye ndimakuiwalani eti? Ine amene ndimadziwa sokosi iliyonse yomwe ili ndi bowo?

Za makina osokera a malemu Mayi sindinaiwale. Anawanyamula sabata isanathe chiikireni maliro, ati kukawasunga. Zaka zitatu akusungabe.

Madzulo ndawagwira Bambo akudontheza diso lakumanja, lomwe silinaone mpeni. Ati anayamba mu Epulo. “Kuti asachitirane nsanje.” Ati likayabwa ndi fumbi la mumsewu, dontho limodzi, ziii. Ndaseka. Inenso ndinadonthezapo kawiri tona atandilowa m'maso, ndipo amagwiradi ntchito, zimenezo sindinganame.

Lachisanu, 7 Juni

Abwana a Bambo awalanda makiyi. Asagwirenso chiwongolero mpaka abweretse kalata ya dokotala wa maso. Dzulo anatsala pang'ono kupsopsona wa njinga pamphambano. Bambo akulumbira kuti munthuyo anachita kumera pansi.

Ndawapeza pakhonde ali mu yunifomu. Sanavule mpaka dzuwa kulowa.

Ndapempha Lolemba kwa abwana anga kuti ndiwaperekeze Bambo kuchipatala. Nkhope yawo ngati ndapempha impso.

Ntchito ya Bambo ikatha, malipiro a fotokope sangasenze nyumba ino. Ndisaganize zimenezo.

Lolemba, 10 Juni

Chipatala cha maso. Mzere kuyambira 6 koloko. Mabenchi ozizira, aliyense ndi kansalu kopukutira misozi.

Anamwino anawawerengetsa zilembo zapakhoma. Bambo mpaka mzere wachiwiri kuchokera pansi, chifuwa patsogolo. Ndinati tiyeni tizipita, tangotaya tsiku. Kenako adokotala, mayi wamfupi wosasekerera, anawadontheza zachikasu n'kukhudzitsa kachipangizo padiso. Anayeza kawiri. Anaitana mnzawo. Dokotala akaitana mnzake, dziwa kuti zavuta.

Lamanzere 41. Lamanja 30. Ati zoyenera n'zosapitirira 21. Puresha ya m'diso. Bayoloje ndinakhoza bwino kusekondale, diso ndinalijambula ndi mbali zake zonse, koma palibe anandiuza kuti limapopeka ngati tayala.

Anafunsa mankhwala omwe akugwiritsa ntchito. Ndinatulutsa kabotolo monyadira, ngati satifiketi. Anakatembenuza. Kuyambira liti? Febuluwale. “Mpaka lero? Anakuuzani ndani?” Ndinati pepala lanu lomwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ati amenewa amapereka masabata anayi okha, kumachepetsa sabata iliyonse, kenako kusiya. Ati tinayenera kubwera mu Malichi kudzayezetsa. Ndinati papepala lanu palibe zimenezo. Anangolemba.

Zomwe ndatolapo, ndilembe ndisanaiwale. M'kabotolo kamodzi muli mankhwala awiri. Ena opha tizilombo. Ena, siteroyidi, oziziritsa kutupa ndi kufiira. Achiwiriwa ndi omwe amayeretsa diso. Ndi omwenso, ukawatalikitsira masiku, kwa anthu ena amatseka njira yotulukira madzi a m'diso. Madzi amadzadza, n'kumafinya mtsempha wa kuseri. Osapweteka. Munthu amayamba kutaya za m'mbali, zakutsogolo akuona bwinobwino. Galasi. Kapu. Wa njinga.

Ndiye mankhwalawa ndi oipa? Ati ayi, ndi abwino kwambiri. Ndiye ndi omwe avulaza Bambo? Ati inde. Mutu wanga unaima.

Lamanja asiye lero. Lamanzere asasiye mwadzidzidzi, achepetse kwa masiku khumi. Ndiye kuti chiphe chomwecho ndizidonthezabe, koma mwaulemu. Atipatsa ena awiri otsitsa puresha.

Funso la Bambo linali limodzi, kalata ya kuntchito. Adokotala: “Tiyambe tapulumutsa zomwe zatsala.”

Zomwe zatsala.

Tikutuluka ndaona ndi maso angawa anamwino akupatsa agogo ena kabotolo komweko. Kabokosi komweko, mzere wobiriwira womwewo. Ndinatsala pang'ono kuwalanda.

Lachiwiri, 11 Juni

Nthawi ya lanchi ndinakwera mpaka kwa Jekete Loyera. Ndinamuponyera kabokosi pakauntala. Iye mano panja. “Ine ndimagulitsa zomwe kasitomala wapempha, sisi.” Ndinamufunsa ngati nditapempha mankhwala a makoswe oti ndithire mu tiyi angandikulungire ndi risiti. Anthu anaseka. Mano anabwerera m'kamwa. Ndinamuonetsa pomwe alemba kuti osagulitsa popanda kalata ya dokotala. Ati amayi aja ankati adokotala ndi omwe atuma.

Amayi aja. Chabwino.

Ndinawaimbira Achemwali ndili pakhonde pa famase pomwepo. Ndinawauza zonse, 41 ndi 30, mtsempha, makiyi. Ndinati miyezi inayi mukugula chinthu osafunsa, mutu wanu ndi wongonyamulira wigi? Ndinati makina a Mayi sanakukwaneni, tsopano mwatenga ndi maso a Bambo.

Iwo: “Ine ndinkagula zomwe zili pachitseko cha kabati.” Ndinadula ndine.

Sindikudandaula. Wina amayenera kunena.

Ndachedwa kubwerera kushopu. Mulu wa masatifiketi a anthu ofuna ntchito ukundidikira.

Lachisanu, 14 Juni

Lamanja lafiira psuu chisiyireni. Likuyabwa, likutuluka misozi. Atsopanowa akuti amaluma ngati tsabola. Bambo akupempha akale ngati chidakwa pakhomo pa bala. “Kadontho kamodzi kokha, mwana wanga, adokotala sakuona.” Kabotolo ndikuyenda nako m'chikwama, ndimadontheza ndekha lamanzere m'mawa ndi madzulo.

Ndiye tamvani. Pomwe diso linkafa, linali loyera. Pano akuti likuchira, ndiye likuoneka ngati la munthu wogona kumowa. Ndikhulupirire chiyani, maso anga kapena manambala?

Mayi a nyumba yakuseri abwera kudzabwereka “aja a bambo anu”. Kamtengo kawalasa m'diso akusesa. Ati Bambo anawabwerekapo kale, ndi ena ambiri mumzere uno. Kani tili ndi chipatala pakhomo pano ine osadziwa! Adokotala anati diso likakhala ndi chilonda, siteroyidi amabisa ululu chilonda chikukula, ena mpaka diso kubooka. N'chifukwa chake amayamba ayeza ndi zachikasu zija. Ndawakaniza, ndati apite akayezetse mawa. Apita akung'ung'udza kuti ndine womana. Ndizolowera.

Ndakhala pagalasi ndikuyendetsa chala kuchokera kukhutu. Ndikuchiona. Kapena ndikungodziwa kuti chilipo?

Lamulungu, 16 Juni

Achemwali sanabwere. Koyamba kuphonya Lamulungu chichokereni Mayi.

Bambo anatulutsa makapu atatu. Kachitatu ndinabwezera m'kabati. Masana anatuluka ndi foni kuseri kwa nyumba, analankhula motsitsa mawu nthawi yaitali.

Azikhala kwawo. Fumbi lathu tizilipeza tokha.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndaganiza. Achipatala nawo asatuluke oyera. Pepala lawo likuti kanayi patsiku, silikunena zosiya. Ndilemba kalata yodandaula, nditaipa ndekha, masamba awiri. Mawu ndili nawo kale, enawo ndi oti sangalowe mu envelopu.

Akufunika kuona pepala lenileni, la chidindo. Fotokope angati ndinafufuta. Bambo akuti sakukumbuka komwe analiika. Ndilifuna.

Lachinayi, 20 Juni

Ndalipeza. Mu sutikesi ya pansi pa bedi, mu envelopu ya laisensi yakale. Banga la tiyi lidakalipo, pakona ya m'munsi.

Ndinalitembenuza kuti ndione chidindo.

Sabata yachiwiri, katatu. Yachitatu, kawiri. Yachinayi, kamodzi. SIYANI, zilembo zikuluzikulu, mizere iwiri pansi pake. Bwerani pa 14 Malichi.

Kuseri.

Ndinabwerera kutsogolo. Pansi pa banga la tiyi, ukaunika padzuwa, pali kamuvi ndi mawu awiri: onani kuseri.

Ine. Ine amene ndimafunsa anthu kambirimbiri patsiku, “Mbali imodzi kapena zonse ziwiri?” Ndimawafunsa ngakhale ndili ndi chimfine, ngakhale ndakwiya, lilime limafunsa lokha. Ndimawaseka akaiwala kuseri kwa chiphaso. Tsiku lija ndinkathamangira kulamineta abwana asanabwere ku banki, kuti asandidule mtengo wa pulasitiki. Ndinagoneka pepala pagalasi, batani, basi. Ndinalimata pachitseko ndi selotepi m'makona onse anayi. Ndinanyadira kuti lawongoka.

Ndakhala pansi m'chipinda cha Bambo, sutikesi ili yasa. Mpaka mpunga kupserera.

Lachisanu, 21 Juni

Sindinauze munthu.

Ndamatula lija la pachitseko. Selotepi yachotsa penti. Bambo aona, sanafunse.

Kushopu ndikupanga mbali zonse ziwiri ngakhale kuseri kulibe kanthu. Abwana: “Mapepala oyerawa ukuwajambuliranji, akupita kuukwati?” Ndinangopitiriza kujambula. Anadabwa, mpaka anafunsa ngati ndikudwala.

Komabe Jekete Loyera sanayenere kugulitsa. Komabe Achemwali akanafunsa. Komabe anamwino akanalemba zonse kutsogolo, malo analipo. Ndikawerenga ma komabe onsewa ndimapeza mpweya pang'ono. Kenako amatha.

Lolemba, 24 Juni

Kuchipatala. Lamanzere 25, lamanja 19. Adokotala anamwetulira ndi theka la mlomo. Ati tikupita koyenera. Akale asiyiretu, kabotolo anatenga okha n'kuponya mu bini.

Kenako chipinda chamdima. Bambo chibwano pachitsulo, kabatani m'manja, azidina akaona kanyali. Lamanja tiki, tiki, tiki. Lamanzere tiki, kenako phee. Ine ndili kumbuyo ndikuona tinyali tikuyaka, chala chawo chili duu. Ndinkafuna kuwatsina.

Makina anatulutsa pepala la mabwalo awiri. Lamanja kadontho kakuda m'mphepete. Lamanzere ngati tona watayikira, pafupifupi theka. Ndinafunsa kuti kwakudako kuyera liti. Ati sikuyera. Mtsempha ukafa wafa. Ntchito yathu n'kuletsa kuti kusakule. Puresha ya lamanzere ikakana kutsika mwezi wamawa, akambirana za opaleshoni ina.

Kalata alemba. Kuyendetsa galimoto ayi.

Bambo atatuluka kukatenga mankhwala ndinatsalira. Ndinafunsa kuti tikanasiya mu Malichi zikanatha bwanji. Anavula magalasi. “Tikanangoonana kamodzi, basi.” Kenako anafunsa ngati pepala lawo lija ndili nalo. Ndinati ayi.

M'basi Bambo anakhala kuwindo, kalata pamwendo. Dalaivala akasintha giya, dzanja la Bambo linkasuntha.

Lachitatu, 26 Juni

Bambo sanawachotse ntchito. Awaika kolongedza buledi m'mapulasitiki, pamodzi ndi atsikana a msinkhu wanga. Malipiro atsika. Yunifomu ina, ndi kachipewa ka neti. Abwera nako m'thumba, ndakapeza pochapa.

Akuti kumeneko n'kwabwino, kulibe apolisi apamsewu. Akuseka mokweza kwambiri.

Ndayamba meseji kwa Achemwali kanayi. “Achemwali, nkhani ija.” Kufufuta. Akanakhala kuti sanatenge makina aja bwenzi zili zosavuta. Kapena ayi. Kaya.

Nsapato yasiyana ndi soli yake pamaso pa makasitomala. Ndaimata ndi sitepula.

Loweruka, 29 Juni

Ndanena.

M'mawa, ndikuwadontheza. Mutu chagada pampando, maso otseka kudikira kuti mankhwala alowe. Munthu wotseka maso ndi wosavuta kumuuza. Ndinati Bambo, pepala lija linali ndi kuseri, ine sindinajambule. Ndinati ndakuphani diso ndine. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Sanatsegule maso. Ati akudziwa.

Ati anamwino anawauza pakamwa tsiku lotuluka, masabata anayi, ndipo kuseriko anawerenga okha. Mu Malichi anasiyadi masiku awiri. Diso linafiira, linayabwa. Kubekale kapitawo amayang'ana madalaivala m'maso m'mawa uliwonse, ofiira amati wagona kumowa, abwerere. Ndiye anayambiranso. Pa 14 panali ulendo wautali, sanafune kuupereka kwa wina. Lenileni lija analibisa okha mu sutikesi. “Lako la pachitseko linkandithandiza kunama. Ndikaliyang'ana ndinkati, si izi, dokotala walemba.”

Ndinaima ndi kabotolo m'manja. Masiku asanu ndi anayi ndikudzidya ndekha, chakudya osalowa. Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kuwakumbatira. Ndinati ndiye munandisiya ndikatukwane anthu tauni yonse? Ati ukayamba iwe amakuimitsa ndani, ngakhale mayi ako ankangotseka mawindo.

Ndiye wolakwa ndani? Ndikanajambula kuseri, bodza lawo likanasowa pokhala, ndikanawaletsa ine ndemwe, pakamwa ndili napo. Akanapanda kubisa, kulakwitsa kwanga kukanatha sabata imodzi. Ndikagwira uku, uko kwapulumuka. Ndakwiya nawo, koma ndikayang'ana diso lija mkwiyo ukusowa poponda.

Atatsegula maso misozi inatsika, kaya ya mankhwala. Anapukuta ndi chala. “Ine ndinkadziwa. Wa famase ankadziwa. Iwe ukanadziwa. Amene sankadziwa kanthu m'nkhani yonseyi ndi mkulu wako yekha.”

Ati Achemwali sakudya bwino. Ati analira pafoni tsiku lija kuseri kwa nyumba, akufunsa ngati n'zoona kuti wawachititsa khungu.

Lamulungu, 30 Juni

Ndinati ndiwaimbira. Bambo ati zonenedwa pafoni zakwana, zinazi ukanene ndi nkhope. Ndinati mawa. Ati lero. Ndinati ndilibe nsapato. Anditulutsira za Mayi m'bokosi, zikundithina.

Pepala lenileni lili m'chikwama. Ndikawaonetsa kuseri, kenako ndinene chiyani? “Pepani” ndamuyeserera kubafa, akutuluka ngati ndikufunsa mtengo wa tomato. Nanga akakandiyankha zomwe ndikanayankha ine? Ine ndikanatseka chitseko. Ndikanasunga mawu aja zaka khumi, ndikudzidziwa.

Za makina sinditchula. Ndalumbira. Akayamba okha, kaya.

Bambo avala jekete, akupita nawo, ati nawonso ali ndi zawo zokanena. Mabasi awiri, ndi msewu waukulu uja woti tiwoloke. Ati kuyambira lero tikamayenda ndizikhala kumanzere kwawo, mbali yomwe sakuona. Kaya n'chilango, kaya n'kundikhulupirira, sindikudziwa, ndipo sindifunsa.

Bambo akuitana pakhomo. Mankhwala a 2 koloko ndisaiwale, tikadonthezera konko, ngati atitsegulire